Madzi saiwala khwawa, ngakhale pa matailosi

Shawa ya kwa amayi ili ndi timabowo tambirimbiri, koma tsiku limene ndinafika, m'kati mwa Okutobala, totulutsa madzi tinali 7 tokha. Ndinachita kuwerenga. Kamodzi kankalasa kukhoma, kena kankandifuna m'khutu, totsalato tinkangodontha ngati denga la udzu mvula itakata kale. Matailosi a buluu aja, amene ndinagula ku Limbe ndi ndalama ya ngongole n'kuwatsitsa phiri pa lole yokatenga thonje, anali atatuwa kuyambira m'chiuno mpaka pansi. Ukayendetsapo chala ankamveka okhakhala ngati lilime la ng'ombe. Pamlomo pa mpopi panali patamera ndevu zoyera, zolimba, zokana chikhadabo.

Ndinatuluka thaulo lili paphewa, mawu ali kale pakamwa. Mawuwo anagwera alamu anga, akazi a mng'ono wanga, amene amasamala amayi pamudzipo.

"Alamu, kodi kubafaku sopo safikako?"

Sanayankhe msanga. Anatula chigubu, napukuta manja pachitenje, kenaka n'kunditambasulira zikhatho. Zala zinali zong'aluka m'mphindi monse.

"Alamu, taonani. Mchenga ndayesa, phulusa ndayesa, waya wotsukira mapoto ndatha atatu. Ndikakwecha m'mawa, pofika madzulo zatuwanso mbuu."

Amayi anali pamkeka pansi pa nimu, akusankha nyemba m'lichero. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Mwanawe, asiye alamu akowo. Umenewo si uve. Madzi saiwala khwawa."

Mwambi umenewu ndinakula nawo, ndipo ndinkayesa kuti ndinaumva wonse. Amaunena pa bambo amene analumbira m'tchalitchi kuti kachasu wasiya, koma pakutha kwa mwezi amuona akuzemba kuseri kwa nkhokwe. Amaunenanso pa mtchona amene watha zaka 30 ku Joni, ukalamba n'kumubweza kwawo ndi sutikesi imodzi. Kwathu kwa Chapananga mwambiwu sufuna womasulira, chifukwa mtsinje wa Mwanza umaumasulira wokha. Miyezi yambiri pachaka Mwanza ndi mchenga basi: ana amamenyamo mpira, ngolo zimawoloka ng'ombe zosanyowa ziboda. Koma mvula ikagwa kumapiri a kumtunda, ngakhale kuno kulibe kamtambo, madzi amabwera ndi mkokomo n'kulonjerera malo awo onse. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anathyola mlatho wa Chapananga, wa mamita 180, umene tinkanyadira kuti ndiwo wautali kuposa yonse m'Malawi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadzabwereza phunziro lomwelo m'chigwa chonse. Amene anamanga m'makwawa akale anakumbutsidwa kuti malowo ali ndi mwini wake.

Koma amayi sankanena za kumene madzi amabwerera. Ankanena za kumene achokera. Zinanditengera masiku kuti ndione kuti mwambiwu uli ndi khomo lachiwiri.

Madzi otuluka pampopi ayenda ulendo, ndipo wapaulendo safika chimanjamanja. Mvula ikamagwa imatola kampweya ka carbon dioxide m'mlengalenga, ikalowa m'dothi n'kutolanso kambiri, ndipo kampweya kameneka kamaipatsa kuwawasa kochepa kwambiri, koti lilime silingamve. Kuwawasa kochepako n'kokwanira kunyambita miyala. Madzi akamadutsa m'miyala ndi m'dothi la laimu amasungunula kashiamu ndi maginiziyamu pang'ono pang'ono, n'kusenza. Ukawatunga amaoneka oyera mbee, ngati alibe kanthu. Koma ukawatenthetsa, kapena akauma, kampweya kaja kamathawa, ndipo zimene zinasungunuka zija zimabwerera kukhala mwala. Ndiye chimene alamu ankalimbana nacho pa matailosi si litsiro la thupi la munthu ayi. Ndi mwala weniweni, mtundu umodzi ndi chigoba cha nkhono, chikhokhombe cha dzira, ndi miyala imene anthu amawotcha ku Lirangwe ndi ku Balaka kuti apeze njereza. Madzi anautenga pansi pa nthaka, anakwera nawo m'paipi, n'kudzautula pakhoma la amayi.

Ndipo kuno amatula msanga. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Thanki ili pamwamba pa nsanja, padzuwa, paipi yake yakuda. Pofika 2 koloko masana madzi ake sungawaike mwana. Dontho likagwera pa tailosi limauma usanamalize kuvala, n'kusiya kamkombero koyera. Mawa dontho lina ligwera pomwepo. Pang'onopang'ono ndi mtolo, amatero akulu, ndipo nthawi zambiri amatero polimbikitsa wosunga ndalama. Mwambiwu susankha: umagwiranso ntchito pa zinthu zimene sitikuzifuna.

Anthu akwathu zonsezi amangoti madzi a mchere. Koma mumadzi a m'mijigo yathu muli alendo awiri osiyana, ngakhale kawirikawiri amayendera limodzi. Woyamba ndi mchere weniweni, wa m'ndiwo uja. Umamveka palilime, ukauma umachita tinyenyeswa tonyezimira, koma ukaupukuta ndi nsanza yonyowa umachoka wosakangana nawe. Wachiwiri ndi laimuyu. Alibe kakomedwe, ndipo madzi omwe anamubweretsawo sathanso kumuchotsa. Palinso wachitatu amene amabwera mwa apo ndi apo, chitsulo, chimene chimasiya mizere yofiirira ngati dzimbiri pansi pa mpopi. Kuwasiyanitsa n'kosavuta. Nyowetsa nsanza upukute: chochoka ndi mchere. Chotsala udonthezere ndimu: chikachita thovu, ndi laimu.

Amayi a m'midzi muno anamudziwa kalekale mlendo wachiwiriyu, ngakhale sanamupatse dzina lakelake. Amamudziwira pa sopo: umapaka, umapaka, thovu osabwera, m'malo mwake pamwamba pa beseni pamayandama zinthu zotuwa zomata m'manja. Kashiamu uja amagwira sopo n'kumusandutsa phala, ndiye mtanda wa sopo umene ku Blantyre umatha sabata ziwiri kuno sufika Lachisanu. Amamudziwira pa nyemba: nkhuni zitha, nyemba zili gwa, mpaka uthiremo soda kapena chidulo. Amamudziwira pa tiyi amene amachita kakhungu pamwamba, pa malaya a sukulu amene amauma ali gwagwagwa, ndi pa ketulo imene pansi pake pamachita nkhoko zoyera zoti ukagogoda zimagwa ngati zipapati za dzira.

Ketuloyo ndi imene inkawasowetsa mtendere amayi. Usiku wina anandifunsa motsitsa mawu, ana asamve.

"Iwe unapita kusukulu. Zimene zikuchitika m'ketulomu, sizikuchitikanso m'mimba mwathumu?"

Ndinawauza kuti m'mimba mwa munthu muli asidi woposa wa ndimu kutalitali, moti laimu sangamange nkhoko mmenemo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti madzi akakhala ndi laimu wopitirira mamiligalamu pafupifupi 200 pa lita amayamba kusiya nkhoko m'mapaipi ndi m'ziwiya, koma silinaike malire a zaumoyo pa laimuyu, chifukwa pa mlingo umene amapezekera m'madzi akumwa saopseza moyo. Za mchere weniweni n'zina. Zosungunuka zonse pamodzi zikapitirira mamiligalamu 1,000 pa lita, madzi amayamba kukanika kukhosi, ndipo munthu sachita kuuzidwa ndi bungwe lililonse.

Chifukwa chimene chigwa chathu chilili chonchi chinafufuzidwa. Chigwa cha Shire ndi mchira wa chigwa chachikulu chong'ambika chija chimene mulinso nyanja ya Malawi. Kwa zaka zosawerengeka chakhala chikulandira dothi ndi mchenga wokokoloka kumapiri, ndipo pansi pake pagona miyala yakale kwambiri imene akatswiri amaitcha Karoo, pamodzi ndi ina yofiira, yosunga michere. Maurice Monjerezi, katswiri wa chemistry wa ku University of Malawi, ndi anzake analemba m'zaka za 2011 ndi 2012 kuti mchere wa m'mijigo ya kuno umachokera m'miyala imeneyi, kukwera kudzera m'ming'alu ya pansi, ndiponso kuti kumene madzi ali pafupi ndi pamwamba dzuwa limawamwa n'kusiya mchere ukuunjikana. Mvula yathu ndi yochepa, dzuwa ndi lambiri. Wotsuka nthaka palibe. Mu 2019 akatswiri a ku University of Strathclyde ku Scotland pamodzi ndi anzawo a ku Malawi anatulutsa kafukufuku wa chigwa cha Mwanza chenichenichi, ndipo funso lawo linali lakuti: kodi kumalo a mchere ngati kuno, kumangokumba mijigo yopukusa ndi manja ndilo yankho?

Funso limeneli mayi aliyense wa kwathu akanaliyankha osatsegula buku. Mijigo iwiri ikhoza kuyandikana moti woimirira pa wina n'kumva kulira kwa unzake, koma wina madzi ake okoma, wina oti ngakhale mbuzi imayamba yanunkhiza. Mjigo wa mchere umaima bwinobwino, simenti yake yosang'aluka, chikwangwani cha amene anapereka chili chilili, ndipo m'malipoti umawerengedwa kuti ukugwira ntchito. Ukugwiradi: anthu amachapirapo, amaumbira njerwa, amamwetsa ziweto. Koma madzi akumwa, amayi omwewo amalawirira kumtsinje kukafukula mumchenga, kudikira kadzenje kadzaze, n'kumatunga ndi kambale pang'ono pang'ono, pamalo pomwe ng'ombe zinagona dzulo. Amene amawerenga mijigo ali mu ofesi amati anthu a kumudzi ndi osamva. Sanalawe madziwo.

Pali chinthu china chimene chimandiseketsa ndikachiganiza. Mchere umene ife tikuudandaulawu unali chuma cha agogo athu. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza anthu a m'chigwachi akupanga mchere: ankapala dothi la mchere, kulithira mumphika wobowola pansi, kuthiramo madzi, kutcheza, n'kuphika madzi otchezawo mpaka atsale mchere. Ndi nzeru yomweyo imene amayi amatchezera chidulo mpaka lero. Elias Mandala, m'buku lake la mbiri ya chigwachi la mu 1990, anafotokoza kuti ntchito imeneyi inali m'manja mwa akazi a Chimang'anja, ndipo mcherewo unkasinthanitsidwa ndi zinthu za kutali. Iwo ankadziwa kuti madzi akauma amatula katundu, ndipo ankaika mphika pamalo otulirapo. Ine ndinaikapo matailosi a ku Limbe.

Tsono n'chifukwa chiyani khama lonse la alamu linkapita pachabe? Phulusa, soda ndi sopo zili mbali imodzi ndi laimu. Zimachotsa mafuta ndi thukuta, koma mwala sizingaukhudze. Sopo ndiye amachita kuwonjezera, pakuti phala lake lotuwa lija limamatirira pamwamba pa laimu n'kukhala nsanjika ziwiri. Mchenga ndi waya zimapala ndithu, koma zimapalira limodzi ndi khungu losalala la tailosi, n'kusiya timikwingwirima tosaoneka ndi maso. M'timikwingwirima timeneto ndi mmene dontho la mawa limapeza pogwira. Alamu akamakwecha mwamphamvu, ankalimira laimu munda. Mphamvu inalipo yambiri; chimene chinkasowa ndi chowawasa.

Amayi ankadziwa, kungoti palibe anawafunsa za bafa. Bafa la matailosi linali la mwana wa m'tauni, ndipo iwo ankaona kuti zinthu za m'tauni zili ndi mankhwala ake a m'tauni. Koma ketulo yawo akhala akuitsuka ndi bwemba kuyambira ndisanabadwe: amaviika bwemba m'madzi, kufinya, kuthira msuziwo m'ketulo, kuwiritsa, n'kuisiya izizire yokha. Nkhoko zimafewa n'kumasupuka. Ku India nako anthu amatsukira bwemba ziwiya za mkuwa. Asidi wa mu bwemba, wa mu ndimu ndi wa mu viniga ndi osiyana maina, koma ntchito yake pa laimu ndi imodzi: amamusungunula, kampweya kaja n'kutuluka ngati thovu, zotsalazo n'kupita ndi madzi. Ndi ulendo uja wa pansi pa nthaka, koma wothamangitsidwa.

M'mawa mwake mng'ono wanga anapalasa njinga kukagula viniga woyera, wa asidi pafupifupi 5 pa 100 aliyense, ndi mandimu a ku Mwanza. Tinamasula mutu wa shawa n'kuumiza m'kabeseni ka viniga. Mpopi sunkamasuka, ndiye tinathira viniga m'kajumbo, kuveka pamlomo pake, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Pakhoma tinamata nsanza zoviika mu msuzi wa bwemba wosakaniza ndi mandimu, chifukwa ukangowaza, madzi amatsetsereka, ndipo kuno amauma asanagwire ntchito.

Kamwana ka alamu, ka zaka 6, kanagwada n'kuika khutu pa beseni.

"Atate aakulu, ikulira!"

Inkaliradi, kaphokoso kochepa ngati ka chiswe m'phaso. Timathovu tinkatuluka m'bowo lililonse, tikutsatana pamzere. Ndinakatuma kukatola chigoba cha nkhono kuseri kwa khola, tinadonthezerapo ndimu, ndipo nacho chinachita thovu lomwelo. Kanayang'ana chigobacho, kanayang'ana shawa, kenaka n'kufunsa ngati m'paipi mumakhala nkhono.

Patangotha mphindi zisanu ine ndinali nditatenga kale burashi. Amayi anandiona ali pamkeka pomwe paja.

"Wayambanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhono ukaigogoda kuti itulutse maso imalowa m'kati. Ukaiika pansi n'kukhala chete, imatulutsa yokha tinyanga take, maso ali kunsonga. Mwambiwu ndinkaumva ngati wa alenje ndi ofunsira mbeta. Sindinkadziwa kuti ndi malangizo enieni a katsukidwe ka bafa, mpaka pa chigoba chomwe. Asidi wofooka amadya mwala kuchokera pamwamba, kansalu kamodzi kamodzi, ndipo sungamufulumizitse ndi mkono. Ntchito ya munthu ndi kuonetsetsa kuti nsanza isaume, basi. Tinakhala pakhonde ola lathunthu, tikumapita kukanyowetsa, ndipo kwa ine limenelo linali gawo lovuta kuposa onse. Ndinazolowera kuti ntchito ndi thukuta. Kukhala pansi manja ali pamaondo, chinthu chikudzichita chokha kuseri kwa chitseko, ndinkaona ngati ulesi.

Titachotsa nsanza, zotuwa zija zinali zitafewa ngati phala la dzulo. Mswachi wakale unakwanira. Pamene nkhoko zinali zochindikala, pansi pa mpopi ndi m'makona, tinabwereza kawiri, kwina katatu. Timabowo ta shawa tinatitokosa ndi minga ya mthethe, osati singano, pakuti chitsulo chimakulitsa bowo ndipo madzi amayamba kulasa kumbali mpaka kalekale. Kenaka tinatsukuluza ndi madzi ambiri n'kupukuta mpaka gwa. Buluu uja anabwerera, kupatula m'munsi mmene waya anadya kale. Mmenemo mpaka lero ndi mofuwirira, ndipo ndikamuona ndimakumbukira funso langa lija la sopo.

Chowawasa nacho chili ndi mwambo wake, ndipo ndinaphunzira ndi kulakwa. Simenti ndi m'bale wake wa laimu. Asidi sasiyanitsa laimu amene ukumuda ndi simenti imene ukuifuna, ndiye akakhalitsa amadya ya m'mizere ya pakati pa matailosi. Pamene kabeseni kathu kanatayikira pansi pa simenti ya pakhomo, panatsala chipsera choyera chokhakhala. Mipopi yotsika mtengo, imene kunyezimira kwake ndi kakhungu chabe, ukaigoneka mu viniga usiku wonse imasupuka. Poto wa aluminiyamu naye safuna kugonekedwa ndi zowawasa.

Ndipo pali ziwiri zimene si nkhani ya chipsera, ndi nkhani ya moyo. Pamsika sipalephera kupezeka mnyamata wokuuza kuti madzi a batire amamaliza zonse pa mphindi imodzi. Asidi ameneyo amawotcha khungu ndi maso, amadya chitsulo, ndipo pa laimu amangopanga chikhungu china choyera chosasungunuka, ntchito n'kuima pomwepo. Chachiwiri ndi klorini. Chiyambire kolera wa 2022 ndi 2023, klorini ali m'nyumba zambiri, wina wa alangizi a zaumoyo, wina wa m'botolo wochapira. Munthu wofuna ukhondo amaganiza kuti mankhwala awiri aposa amodzi. Klorini akakumana ndi viniga, ndimu kapena bwemba amatulutsa mpweya wa poizoni, ndipo bafa lathu ndi kachipinda ka zenera longa kabuku. Zimenezi siziphatikizidwa, ngakhale motsatizana pakhoma limodzi usanatsukuluze. Alamu atamva anagwira pakamwa: anali ataganizapo zoyesa sabata yomweyo.

Safunsa anadya phula. Pa nkhani yonseyi wosafunsayo ndinali ine, kuyambira pachiyambi. Bafa limene ndinakuliramo linali la mpanda wa bango, pansi pali miyala itatu yaphanthiphanthi, madzi akupita kukamwetsa papaya. Madzi ake anali omwewa, laimu wake yemweyu, koma ankatula katundu wake m'dothi, kumene anamutenga, ndipo palibe ankatukwanidwa. Nditayamba kulandira malipiro ndinafuna kuti amayi akalambe mwaulemu, asamawerame pa ndowa. Chimenecho chinali choona. Chinanso choona n'chakuti ndinkafuna odutsa pamsewu aziona thanki pamwamba ndi sola padenga, azidziwa kuti pakhomopo panabadwa mwana. Ndinafunsa mtengo wa tailosi, ndinafunsa mphamvu ya pampu, ndinakangana ndi pulambala pa za malipiro ake. Za madzi enieniwo, kuti ndi otani, asenza chiyani, sindinafunse munthu, pamene woyankha anali pamkeka pomwepo. Ndinatenga bafa la madzi a ku Blantyre n'kulibzala pa madzi a kwa Chapananga, ndipo nditakwera basi kubwerera, ngongole ya kusafunsa kwangayo inatsala m'zala za alamu.

Ife a m'tauni timachita zimenezi kawirikawiri, ndipo si ife tokha. Chomanga chili ndi tsiku lake: pamabwera anthu, pamakhala nyimbo, wina amadula riboni. Chosamala chilibe tsiku. Palibe amaitana mfumu kudzaonerera munthu akusintha mphira wa mjigo, kapena komiti ya madzi a m'mipopi ikuyenda khomo ndi khomo kutolera ndalama ya mwezi. Pampu ya Afridev imene ili pa mijigo yathu yambiri, imene mbiri yake imadutsa ku chigwa cha Livulezi ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1980, anaipanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuimasula okha ndi sipanala imodzi. Amene anaiganiza ankadziwa kuti chinthu chimakhala moyo ndi manja a tsiku ndi tsiku. Koma manja amenewo ndi a ndani, amalipidwa chiyani, ndipo zikatuwa amanenedwa ndani, funso limenelo timalisiya pakhomo pamodzi ndi makatoni.

Viniga sachiritsa madzi. Amangochotsa za dzulo. Ndipo pali malo amene nsanza singafike: m'kati mwa paipi, mmene mwala ukukula mwakachetechete, njira ya madzi ikucheperachepera chaka ndi chaka. Vutoli si lathu tokha, ndipo si latsopano. Aroma anamanga ngalande ya makilomita pafupifupi 95 yotengera madzi kuchokera kumapiri a Eifel kupita ku mzinda umene lero ndi Cologne ku Germany. Madzi ake anali a laimu, ndipo m'kati mwa ngalandeyo munamera mwala wochindikala mpaka masentimita 30 m'malo ena. Patapita zaka mazana ambiri, ngalande itasiya kale kugwira ntchito, amisiri ankasema mwala umenewo, kuupukuta mpaka kunyezimira, n'kupanga nsanamira za matchalitchi. Ukauyang'ana umaona mizeremizere ngati ya mtengo wodulidwa. Ndinamuuza mng'ono wanga nkhaniyi tili pansi pa thanki, ndipo iye anagogoda paipi yathu ndi sipanala n'kunena kuti adzukulu athu adzapeza pomangira tchalitchi.

Zimene tinagwirizana n'zazing'ono. Pamsomali wa kuseri kwa chitseko tinapachika chitenje chakale, kuti aliyense akamaliza kusamba, mwamuna kapena mkazi, mlendo kapena mwini, apukute khoma ndi mpopi madzi asanaume. Dontho lopukutidwa silitula kanthu. Pa mawu akuti mwamuna mng'ono wanga anatsokomola, koma amayi anamuyang'ana kamodzi ndipo chifuwacho chinapola. Mutu wa shawa uzimizidwa kamodzi pamwezi, usanatsekeke. Thanki tinaimangira kadenga ka udzu kuti isamapse ndi dzuwa. Ndinalonjezanso ngalande ya m'mphepete mwa malata ndi mgolo, kuti nthawi ya dzinja tizikolola madzi a mvula, amene sanadutse m'mwala uliwonse: amenewo sopo amachita thovu, nyemba zimapsa, tiyi amaoneka tiyi.

Madzulo a tsiku limenelo ndinatsegula shawa ndipo timabowo tonse tinayankha, madzi akugwa mowongoka ngati mvula ya Januwale. Ndinakaitana amayi kuti adzayambe ndiwo. Anabwera ndi ndodo yawo, anasuzumira, anayendetsa chala pa tailosi, anagwedeza mutu kuti zili bwino. Kenaka anauza alamu kuti awaikire madzi m'ndowa monga mwa masiku onse, chifukwa madzi ogwa kumwamba amawazunguza mutu.

Patatha miyezi iwiri foni inalira ndili kuntchito. Anali alamu, mawu akudukaduka chifukwa cha netiweki ya kwathu.

"Alamu, shawa ija ikutulutsabe bwino. Koma mukamabwera pa Khirisimasi mutitengere viniga mabotolo awiri. Bwemba tinasunga uja ana atha kudya."